Khomo la Kukhichini

Linali Lachitatu, piriyodi yomaliza, nthawi imene ana a Giredi 11 amakhala ataika kale mitima pa nsima ya kunyumba. Tinali pa Civic Education, ndipo ndinali nditajambula mabokosi atatu pabolodi monga ndimachitira chaka chilichonse: opanga malamulo, oyendetsa boma, oweruza milandu. Mtsikana wina wokhala kumbuyo, amene chaka chonse sindinamumvepo akufunsa kanthu, anakweza dzanja.

"Ba Madam, manje ba First Lady bali mu bokosi iti?"

Ndinayankha msanga, pakuti yankho ndimalidziwa. Sali m'bokosi lililonse. Constitution yathu imanena za Pulezidenti, wachiwiri wake, nduna, aphungu, oweruza, ngakhale mafumu, koma mkazi wa Pulezidenti siimupatsa udindo. Sitimuvotera, ndipo palibe lamulo lonena nchito imene ayenera kugwira akadzuka m'mawa. Mnyamata wina wanthabwala anafuula kuti nanga mamotoka ndi apolisi omuperekeza amachokera kuti, kalasi yonse n'kuseka. Mtsikana uja sanaseke. Anadikira kuti phokoso lithe.

"So ngati sibali mu bokosi, ni ndani amene abafunsa bakalakwa?"

Belu linalira, ndipo kunena zoona ndinalithokoza.

Funsolo linakwera nane minibasi mpaka ku Mtendere, ndipo chifukwa chake chili pansi pa bedi la amai anga. Pali thiranki yachitsulo, yakuda, yolembedwa dzina lawo la paubwana ndi penti yoyera. Masiku ano musungidwa mabulangeti a alendo ndi masatifiketi athu, kuphatikizapo digiri yanga ya ku UNZA. Thirankiyo sanagule ndi ambuya aamuna. Inachokera m'nyumba ya gavana wa ku Luangwa, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, ndipo inatulukira khomo la kukhichini. Nkhani yake ndinakula ndikuimva zidutswazidutswa. Patchuthi cha mu Ogasiti ndinapita kumudzi kukaimva yonse kwa ambuya aakazi, akadali ndi mpweya.

Inu amene munabadwira mu Lusaka monga ine, mwina Luangwa mumaidziwa ngati paja basi ya ku Chipata imaima kuti anthu agule nsomba zouma ndi madengu. Pamenepo ndi pa mlatho chabe. Ukayenda makilomita pafupifupi 230 kuchokera mu Lusaka, usanaoloke, umakhotera kumanja n'kutsata mtsinje makilomita ena oposa 80, mpaka msewu utathera m'madzi. Pamenepo Luangwa amathira mu Zambezi. Ukaima padooko, tsidya la Luangwa ukuona Zumbo wa ku Mozambique, tsidya la Zambezi ndi Kanyemba wa ku Zimbabwe. Akuluakulu amapatchabe Feira, dzina la Chipwitikizi lotanthauza msika, chifukwa amalonda a minyanga, golide ndiponso anthu ankakumana pamenepa Lusaka asanalotedwe n'komwe. Ndi dziko la Achikunda a Mfumu Mphuka ndi Ansenga a Mfumu Mburuma, dziko la masau, mabuyu ndi njovu zimene zimakolola chimanga mwini munda asanalawe. Msewu tsopano uli ndi tala. M'masiku a nkhani yanga unali wafumbi, ndipo mvula ikagwa kupita ku Lusaka kunali ngati kupita kunja kwa dziko.

Ana anga a Giredi 11 sadziwa kuti gavana anali ndani, choncho ndifotokozeko. A Kenneth Kaunda anayamba kuika magavana m'maboma mu 1969. Sanali ovoteredwa ndi anthu. Ankasankhidwa ndi Pulezidenti, ndipo Pulezidenti yemweyo ankawachotsa. Dziko litakhala la chipani chimodzi mu Disembala 1972 mphamvu zawo zinakula, ndipo lamulo la Local Administration Act la 1980 linaphatikiza chipani cha UNIP ndi khonsolo, gavana n'kukhala wapampando wa zonse. Pansi pake panali mawadi, mabulanchi ndi masekishoni, mpaka kufika pakhomo pa munthu aliyense. Udindowu unatha mu 1991 MMD itapambana masankho. Ma DC amene mukuwadziwa lero ndi adzukulu a udindo umenewo, koma poyerekeza ndi agogo awo ali ngati mwana wa mbuzi pambali pa ng'ombe.

Za mkazi wa gavana lamulo limenelo silinanene kanthu. Komabe ambuya akamanena za "boma" la nthawi imeneyo, amayambira pa mkaziyo.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa masau, akusenda mabango a mphasa ndi manja amene anayamba kunjenjemera. Chikunda chawo sindingachilembe bwino, choncho ndiika mawu awo m'Chinyanja chathu. Anati magavana ankabwera n'kupita, ndipo akazi awo anali osiyanasiyana. Wina sankatuluka m'nyumba, ankati kunja kukutentha. Wina ankakonda kumugwadira. Koma panali mmodzi, wochokera kumpoto, wolankhula Chibemba, amene Chikunda chake chinkaseketsa ana. A Kaunda ankakonda kutumiza anthu kutali ndi kwawo kuti mitundu isakanikirane, ndipo mkazi ankatsata mwamuna ndi mapoto ake. Ameneyu anali mphunzitsi wa pulaimale mwamuna wake asanapatsidwe udindo. Anasiya choko n'kubwera kumathero a msewu. Anthu ankangoti Amai Gavana.

"Nyumba ija inali ndi makomo awiri," anatero ambuya. "La kutsogolo linali la amuna a majekete. Ife lathu linali la kukhichini."

Ku ofesi ya boma munthu ankafunika pepala, Chingelezi, ndi mtima woima pamaso pa mesenjala. Akazi ambiri a kumudzi analibe zitatu zonsezi. Ndiye m'mamawa, dzuwa lisanapse, ankakhala pansi kuseri kwa nyumba ya gavana, pafupi ndi nkhuni. Wina mwana wake wadwala ndipo akufuna kudziwa ngati Land Rover ipite cha ku Katondwe, kuchipatala cha mishoni. Wina mwamuna wake wamwalira ndipo achibale atenga bwato, maukonde ndi mbale zomwe. Kumbukirani kuti lamulo loteteza akazi amasiye pa chuma chosiyidwa popanda wilu, Intestate Succession Act, linadzabwera mu 1989. Wina akungofuna kudziwa tsiku limene sopo, mchere ndi saladi zidzafike m'sitolo, pakuti zinali zaka za mizere. Amai Gavana ankatuluka ndi kampando, nthawi zina ndi mbale ya nyemba zosankha, n'kumvetsera.

Iwo sankagamula kanthu. Analibe sitampa, analibe siginecha. Nchito yawo inali kunyamula mawu kuchokera kuseri kupita nawo patebulo. Apa ambuya anaseka mpaka kutsokomola. Anati maiyo ankadziwa nthawi yake: osati bwana akangotsika m'motoka, osatinso wailesi ikunena nkhani, koma atasamba, atadya, dzanja lili m'madzi. Mwa nkhani khumi za m'mawa ankasankha ziwiri kapena zitatu. Zotsalazo ankazithetsa okha ndi zimene anali nazo, kapu ya shuga, kalata yolembera sisitala, kapena kungopita kukakhala pansi pakhomo pa achibale olanda katundu mpaka manyazi atawagwira.

Ndinafunsa kuti nanga zisanu ndi ziwiri zotsalazo, ngati shuga sanakwane, zinkathera kuti. Ambuya anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti madzi a Luangwa amathera kuti.

Panalinso nchito ina imene sinkafuna kusankha. Alendo akamabwera kuchokera ku Lusaka, nduna kapena wa Central Committee, nsima yawo inkaphikidwa kuseri komweko, ndipo ambuya ndi anzawo a Women's League ankasonkha moto tambala asanalire. Mbale zinali za Amai Gavana, za ukwati wawo, ndipo ankaziwerenga alendo akapita. Motoka ikamafika ankayenera kukhala kutsogolo kwa amai ovala chitenge cha chipani, kuimba ndi kuvina m'fumbi, kenako kuthamangira kukhichini kukaona ngati nsomba sizinapserere. Pamaliro ankagona pamphasa ndi akazi anzawo. Tsiku la sikelo ankayenda m'midzi kukumbutsa amai za katemera. Lachinayi masana kunali kalabu, makina amodzi a Singer pa akazi makumi awiri. Ambuya anaphunzira kudula diresi pamenepo. Malipiro a zonsezi kunalibe, ndipo tsiku lina ambuya atawadandaulira kuti akuonda, anangoyankha ndi mwambi umene anauphunzira komweko, woti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Anafika ku Luangwa nkhondo ya Rhodesia itangotha. Pa 6 Malichi 1978 asilikali a Ian Smith anaukira msasa wa ZIPRA ku Kavalamanja, m'mbali mwa Zambezi, ndipo asilikali athu anafanso pamenepo. Mpaka lero anthu amasonkhana chaka ndi chaka kukumbukira tsikulo. Zimbabwe inalandira ufulu mu 1980, koma ku Feira ana ankathawirabe pansi pa mitengo akamva ndege, ndipo akulu ankaopa mabomba okwiriridwa m'tchire. Ambuya anali atathawa ndi ana kupita kwa achibale kumtunda, ndipo amai anga anataya zaka ziwiri za sukulu. N'chifukwa chake analemba Giredi 7 ali ndi zaka 16, ali namwali wotha msinkhu m'maso mwa mudzi.

Zotsatira zitatuluka, pasukulu pawo panasankhidwa atsikana awiri opita ku Fomu 1, kusukulu yogonera komweko cha ku Lusaka. Amai anali mmodzi. Ambuya aamuna anakana. Sanali munthu woipa, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke. Anali msodzi amene maukonde ake anawola m'zaka zimene mtsinje unali wa mfuti. Kalata ya sukulu inkafuna thiranki, bulangeti, nsapato, mayunifomu awiri ndi ndalama ya ulendo, pamene mwamuna wina wamalonda a nsomba anali atatumiza kale ankhoswe. Kwa iwo masamu anali osavuta.

Ambuya aakazi anamanga nsomba zouma m'nsalu n'kukakhala pafupi ndi nkhuni zija. Amai Gavana analandira nsombazo, pakuti kukana mphatso n'kunyoza, ndipo anawerenga kalata ya sukulu kawiri. Nkhaniyi sanapite nayo patebulo. Patapita masiku awiri anafika kumudzi wapansi, ndi mtsikana mmodzi wowaperekeza, atavala chitenge wamba, osati cha chipani. Anagwada pamaso pa ambuya aamuna, m'fumbi, anthu akuona, n'kuomba m'manja.

"Atate, ndabwera kudzapempha mwana."

Ambuya aamuna anangoti zii kwa nthawi yaitali, kenako anati mwana ndi wanu. Ndinafunsa ambuya aakazi ngati anavomera chifukwa cha ulemu kapena mantha. Anati, "Iwe mwana wa sukulu, zimenezo umazilekanitsa bwanji?" Ndaganizira yankho limeneli kwambiri. Mkazi anagwadayo anasiya Land Rover kunyumba, koma mudzi wonse unkaiona ili kumbuyo kwake. Mphunzitsi wamba akanagwada chimodzimodzi, ambuya aamuna akanamupatsa madzi akumwa n'kumuperekeza bwinobwino, ukwati n'kuchitika mu Epulo.

Thirankiyo inali yawo, ya ku koleji ya uphunzitsi. Anaipaka penti yakuda kufafaniza dzina lawo n'kulembapo la amai. Mayunifomu anasokedwa pa Singer ija Lachinayi lotsatira. Amai anakwera kumbuyo kwa Land Rover imene inkapita ku Lusaka kumsonkhano, atakhala pa thayala la sipeya. Anamaliza Fomu 5, anagwira nchito ya ukalaliki, anakwatiwa mochedwa ndi munthu amene anamusankha okha, ndipo mu 1990 anabereka ine.

Nkhaniyi kwathu imathera pamenepa, ndipo imanenedwa pa Khirisimasi ndi mawu oti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma atsikana anali awiri.

Winayo anali ndi mamaki oposa a amai. Makolo ake anali a Mboni za Yehova, amene anthu ankawatcha a Chitawala, ndipo sankagula khadi la chipani. Nkhani ya Mboni ndi boma inali yakale; m'kalasi ndimaphunzitsa mlandu wa Feliya Kachasu wa 1967, mtsikana amene anachotsedwa sukulu chifukwa chokana kuimba nyimbo ya fuko ndi kuchitira sailuti mbendera, ndipo khoti silinamuikire kumbuyo. Kumudzi kwathu aphunzitsi ankangoyang'ana kumbali mwanayo akaima osaimba. Koma amake sankavina alendo akabwera, sankaphika nawo nsima ya nduna, sanali wa kalabu ya Lachinayi. Kalata yake inkafunanso thiranki, bulangeti ndi nsapato.

"Kodi Amai Gavana anawabweza?" ndinafunsa.

"Ayi. Sanapiteko."

"Bwanji simunawatenge inuyo?"

Ambuya anapitiriza kusenda bango. Patapita nthawi anati thiranki inali imodzi.

Sindinena kuti Amai Gavana akanawabweza. Mwina akanabwereka thiranki ina. Palibe anaika chikwangwani pakhomo lija choti opanda khadi asafike. Koma khomo la kukhichini lili ndi malamulo ake osalembedwa: umafikapo ngati ukudziwika, ngati unatsukapo mbale za pamenepo, ngati uli ndi wokuperekeza. Ndipo ukapanda kuthandizidwa, ulibe kokadandaula, chifukwa palibe anakulonjeza kanthu. Ku ofesi, ngakhale mesenjala akhale wamwano chotani, ukhoza kunena kuti ndili ndi ufulu. Kuseri kwa nyumba umangonena kuti ndichitireni chifundo.

Amai Gavana anachoka monga ankachokera onse. A Kaunda ankalengeza zosintha maudindo pamsonkhano wa atolankhani ku State House, ndipo dziko lonse linkamvera pa Radio Zambia, eni ake omwe. Ambuya amati tsikulo anali kuseri komweko, akusankha mpunga, wailesi ili pawindo. Dzina la bwana litatchulidwa, maiyo anaimitsa manja pang'ono, kenako anapitiriza kusankha mpaka mpunga unatha. Pasanathe milungu iwiri lole inabwera. Singer anaisiyira kalabu, ndipo inagwira nchito mpaka lamba atasowa. Kalabuyo inazilala mkazi wina atabwera ndi zokonda zake. Mlendo ndi mame, anatero ambuya.

Ndinawafunsa dzina la maiyo. Anayesa, anatchula dzina la mwana wawo woyamba, kenako anati ayi, ameneyo anali wa gavana wina. Amai anganso salidziwa. Mwana wa zaka 16 safunsa dzina la munthu wamkulu chotero. Nditabwerera ku Lusaka ndinatulutsa thiranki ija padzuwa n'kuipendeketsa. Pansi pa penti yakuda pamaoneka timizere totukuka, koma sindinathe kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi, ndipo amai anandiletsa kupala.

Magavana anapita, koma khomo lija linangosamukira ku State House n'kukula. Mama Betty Kaunda nawonso anaphunzitsapo, ndipo analera ana okha a Kaunda ali m'ndende nthawi ya atsamunda. Anamwalira ku Harare mu Seputembala 2012. Kuyambira 1991 khomo la kukhichini linapeza dzina ndi akaunti ya kubanki. Vera Chiluba anali ndi Hope Foundation. Maureen Mwanawasa, loya, anali ndi Maureen Mwanawasa Community Initiative. Esther Lungu anali ndi Esther Lungu Foundation Trust. Thandiwe Banda anali mphunzitsi ngati ine. Dr Christine Kaseba anali dokotala wa amai ku UTH asanalowe ku State House, ndipo mawu ake pa khansa ya khomo la chiberekero anapititsa akazi ambiri kukapimitsa, azakhali anga omwe. Sindikayika kuti njinga za olumala, mabulangeti ndi mijigo zimene amai amenewa anapereka zinafika kwa anthu enieni, monga thiranki inafika kwa amai anga. Amene amanyoza zonsezi ali pa Facebook sanagonepo ndi njala.

Chimene chimandivuta ndi china. Zonsezi zimayamba tsiku limene mwamuna walumbira, ndipo zimayamba kufota tsiku limene watsika. Mudzi umene unalandira mjigo chaka chino sudziwa chifukwa chimene unasankhidwira, ndipo mudzi woyandikana nawo sudziwa kokafunsa. Mkaziyonso, tisaiwale, amagwira nchito imene sanafunsire, ena atasiya yawo imene anaiphunzirira zaka zambiri, ndipo akalakwitsa amatukwanidwa ngati nduna pamene alibe mpando wa nduna. Pena ndimaganiza kuti bwenzi tangolemba udindowu m'malamulo, ndi bajeti yake yoonekera, kuti Auditor General aziuwerengera. Pena ndimaganiza kuti kutero n'kuvomereza kuti munthu angapeze mpando wa boma chifukwa cha ukwati. Ana anga ndikawapatsa nkhaniyi pa dibeti amagawikana pakati, ndipo ine ndimapatsa mamaki mbali zonse ziwiri ndi mtima woona.

Tsiku lobwerera, ndikudikira basi pa mlatho, msuweni wanga anandikodola n'kundilozera mai wina wogulitsa pende zouma ndi mphasa. Anali uja wachiwiri. Ndinapita, ndinagwada pang'ono monga tichitira kwathu, n'kudzitchula kuti ndine mwana wa uje. Anaomba m'manja ndi chimwemwe chenicheni, anandigwira masaya ngati kamwana, anafunsa za amai, za miyendo yawo, za ana awo onse mmodzimmodzi. Ndinkayembekezera kuwawa kwina m'mawu awo, ndipo sindinakupeze.

"Amako masamu ndinkawaonetsa ndine," anatero akuseka. "Ukawafunse za long division."

Wogula wina anabwera, anatenga milu itatu ya mitengo yosiyana n'kupereka K200. Chenji anachitchula wogulayo asanatsegule foni yake. Anandiuza kuti anakwatiwa chaka chomwecho, ana asanu ndi atatu, amoyo asanu. Ndinagula nsomba zoposa zimene ndinkafuna, ndipo anandiikira mbasela yochuluka mpaka ndinachita manyazi. Basi itaonekera, anandigwira mkono.

"Mwanawe, ndamva uli mphunzitsi ku Lusaka. Ndili ndi mdzukulu, alemba Giredi 9 chaka chino. Mutu ndi wanga uja. Amake ali ku Kalikiliki. Ukamuonereko malo."

Ndinalemba nambala pa chikuto cha buku limene ndinali nalo. Sindinalonjeze, komanso sindinakane.

Kuyambira pamene sukulu inakhala yaulere mu 2022, makalasi athu anadzaza mpaka ana kukhala atatu pa desiki ya awiri. Januwale aliyense makolo amaima pamzere kunja kwa ofesi kuyambira m'mamawa, ndi mapepala a zotsatira m'maenvelopu a khaki. Ndipo Januwale aliyense, madzulo, ena amagogoda kwathu. Sabwera kukhomo la kutsogolo. Amazungulira kuseri, kumene ndimatsukira mbale, ndi nkhuku kapena botolo la saladi, n'kuyamba ndi kufunsa za umoyo wa amai. Nthawi zambiri ndimawauza kuti akaime pamzere, ndipo ndimagona bwino. Mu temu yachiwiri ndimaphunzitsa mutu wa katangale, ndipo kukondera achibale ndi anansi kuli pa mndandanda umene ana amaloweza.

Mtsikanayo anabwera ndi amake Lolemba la mlungu wachiwiri. Anakhoza bwino, koma anasankhidwira kusukulu yakutali, ya mabasi awiri, imene amake sakanakwanitsa tsiku ndi tsiku. Anaima pafupi ndi sinki, wamtali, wamanyazi, envelopu ili pachifuwa. Ndinawerenga pepalalo kawiri. Masamu anali ndi wani.

M'mawa mwake ndinafika kusukulu 07:00 isanakwane. Pamzere panali kale anthu oposa makumi atatu, ena atakhala pa mapepala, mai wina akuyamwitsa. Ena anandipatsa moni, "Mwauka bwanji, ba Madam," ndipo ndinayankha onse. Sindinalowe mu ofesi nthawi yomweyo. Ndinapita ku staff room, ndinalemba maregista, ndinaphunzitsa piriyodi yoyamba ndi yachiwiri. Ndinadikira mpaka nthawi ya buleki, nditaona kuti tiyi walowa kwa achiwiri kwa ahedi ndipo kapu yatuluka yopanda kanthu. Kenako ndinatenga envelopu ija, ndinaiika pakati pa mabuku a Giredi 11 kuti isaoneke, n'kudutsa mzere wonse mpaka pachitseko.